Citsime Cimene Hagara Sanacione

Kuwerenga: Genesis 21:14-19, 1 Mafumu 19:1-18, Mateyu 6:26-30.

M'buku la Genesis muli mbiri ya mkazi wa ku Aigupto dzina lace Hagara, mdzakazi wa Sara. Tsiku lina mamawa Abrahamu anampatsa kamba wa mkate ndi thumba la cikopa lodzala madzi, namcotsa pamudzi pamodzi ndi mwana wace Ismayeli. Mkaziyo anasokera m'cipululu ca Beereseba kufikira madzi anatha. Pamenepo anagoneka mwana pansi pa citsamba, napita kukakhala pansi capatali, pa mtunda wofikira mubvi, kuti asapenye mwana wace alikutsirizika, ndipo analira. Koma kulira kwa mnyamatayo kunamveka kwa Mulungu. Mngelo anaitana Hagara, namuuza kuti aleke mantha, auke, akagwire mwana wace. Pomwepo maso ace anapenyetsedwa, ndipo citsime cinali poonekera. Anatunga, mwana namwa, nakhala ndi moyo.

Mbiri iyi iyenera kuisinkhasinkha bwino. Buku silinena kuti Mulungu anakumba citsime catsopano nthawi yomweyo, kapena kuti anabvumbitsa mvula. Linena za maso. Madzi analipo, koma mkazi wogwidwa ndi cisoni sanawaone. Ndiponso iye mwini anafulatira dala, pakuti kupenya kunali kumpweteka. Pakati pa imfa ya mwana ndi moyo wace panatsala cinthu cimodzi cokha, ndico kuti mai atukule nkhope, napenye. Alipo anthu ambiri m'midzi, ndi m'Mipingo momwe, amene akhala pansi monga Hagara. Mau a caka cino ali a iwo ndi a abale ao. Ndipo anena za cipangizo cacing'ono cimene ena apeza naco thandizo pophunziranso kupenya, ndico kamera yojambulira zithunzi.

I. Nthenda imene itseka maso

Cisoni ciri ca mitundu iwiri. Ciripo cisoni cimene cifika ndi maliro, ndi kupsa kwa nkhokwe, ndi kufa kwa ng'ombe. Cimeneco ciwawa, koma cicepa pamene miyezi ipita. Ciriponso cina cimene cikhala pa munthu monga nkhungu ya m'dambo yosacoka ngakhale dzuwa lakwera. Madotolo acicha depression, naciwerengera pakati pa nthenda, monga awerengera malungo ndi cifuwa cacikuru. Zizindikiro zace nzodziwika. Kwa masabata awiri kapena koposa, tsiku ndi tsiku, mtima wa munthu ulemera. Zimene anakondwera nazo kale sizimkoma. Nsima siilowa, tulo sitibwera kapena ticuruka, khasu limlemera, ndipo adziyesa yekha wacabe ndi wotopetsa anthu. Bungwe la World Health Organization linanena m'caka ca 2023 kuti anthu ngati mamiliyoni 280 pa dziko lonse anali ndi nthendayi, ndi kuti igwira akazi koposa amuna.

M'mudzi munthu wotere aweruzidwa msanga. Ena ati ndi waulesi, ena ati walodzedwa, ndipo ena a mu Mpingo ati cikhulupiriro cace cacepa. Onsewa aphonya. Eliya anali mneneri amene pemphero lace linatsitsa moto pa phiri la Karimeli. Koma atathawa Yezebeli anafika ku Beereseba komweko kumene Hagara anasokera, nalowa m'cipululu ulendo wa tsiku limodzi, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Mulungu sanamdzudzule. Anamlola agone, natuma mngelo ndi mkate ndi madzi, kawiri konse. Ndipo pambuyo pace, pa phiri la Horebu, anamuuza kuti aturuke m'phanga. Eliya anati watsala yekha. Mulungu anamdziwitsa kuti alipo anthu 7,000 m'Israyeli amene sanagwadire Baala. Anthuwo analipo masiku onse, monga citsime cija. Koma mneneri wotopa sanawaone.

Umo ndimo igwirira nchito nthendayi. Itembenuzira maso a munthu m'kati. Maganizo ace azungulira pa cinthu cimodzi monga mbuzi yomangidwa pa cikhomo, imene iponda malo amodzimodzi kufikira udzu watha ndi pfumbi lokha latsala, pamene msipu uli capafupi. Akumbukira zoipa zokhazokha, naiwala zokoma. Popeza palibe comkoma, saturuka m'nyumba; ndipo popeza saturuka, sakomana ndi cokoma ciri conse. Cingwe cifupika tsiku ndi tsiku.

II. Kacipinda ka mdima

Dzina lakuti kamera licokera ku Cilatini, ndipo litanthauza cipinda. Anthu akale anazindikira kuti m'cipinda ca mdima, kuunika kukalowa pa kabowo kakang'ono, pa khoma paoneka cifaniziro ca zakunja, cozondoka mutu pansi. Iye amene anagonapo wodwala m'nyumba yotseka dzuwa liri pamutu, kapena anaona mithunzi ya anthu opita panja iri kuyenda pa khoma. Kamera ndi kacipinda kotero, ndipo m'caka ca 1839 ku Paris kunalengezedwa njira ya Louis Daguerre yosungira cifaniziroco kuti cisafafanizike. Makamera oyamba anali mabokosi olemera a anthu acuma. Lero lamya za m'manja zambiri ziri ndi kamera, ndipo zafika ndi kumidzi komwe.

Sipanapite nthawi yaitali anthu asanayambe kufunsa ngati cipangizoci cingathandize mtima wodwala. Dotolo Hugh Welch Diamond anayang'anira cigawo ca akazi pa cipatala ca odwala misala ca Surrey ku England kuyambira 1848 kufikira 1858, najambula odwala ace. M'caka ca 1856 anapereka kalata ku Royal Society ya ku London, m'mene anasimba za mtsikana wodziyesa mfumukazi, amene anayamba kupeza bwino ataona zithunzi ndi kukambirana za izo ndi dotolo. Diamond anaganizanso kuti nthenda ya mutu iwerengeka pa nkhope ya munthu, ndipo ganizo limenelo madotolo analisiya kale. Koma cina cija cinatsala, cakuti cithunzi citsegula pakamwa.

Pa cisumbu ca Isle of Wight panakhala mai wina, Julia Margaret Cameron. M'caka ca 1863, ali ndi zaka 48, mwamuna wace anali kutali ku Ceylon, dziko lochedwa Sri Lanka tsopano, kuyang'anira minda ya khofi, ndipo nyumba inamkulira maiyo. Mwana wace wamkazi pamodzi ndi mkamwini anampatsa kamera, kuti akhale ndi cocita m'kusungulumwa kwace. Iye anasandutsa nyumba yosungira makala cipinda cotsukira zithunzi, ndi khola la nkhuku malo ojambulira. Anajambula anansi, ana, anchito a pakhomo, ndi anthu omveka monga Alfred Tennyson ndi Charles Darwin. Ndipo zithunzi zace zisungidwa ku Victoria and Albert Museum ku London. Ciyambi ca zonsezo cinali mwana amene anaona kuti amace ali okha.

Mkazi wina wa ku London, Jo Spence, anapezeka ndi khansa ya m'bere m'caka ca 1982. Anatenga kamera, najambula thupi lace ndi masiku ace a m'cipatala, kuti asakhale cinthu congotembenuzidwa ndi manja a ena. Kuyambira 1983 iye ndi mnzace Rosy Martin anajambulana wina ndi mnzace, naonetsa m'zithunzi zowawa za ubwana ndi za m'banja zimene pakamwa panalephera kunena. Nchitoyo anaicha phototherapy, ndiko kuciza ndi zithunzi. Spence anamwalira mu 1992 ndi khansa ya m'mwazi. Kamera siinamlanditse ku imfa, koma inampatsa liu zaka khumi.

Ndipo mu 2018 Liz Brewster wa pa University ya Lancaster ndi Andrew Cox wa pa University ya Sheffield anafalitsa zimene anapeza atatsata kwa miyezi iwiri anthu owerengeka amene ajambula cithunzi cimodzi tsiku liri lonse, nacionetsa kwa anzao. Anthuwo anasimba kuti mwambowo uwaturutsa panja, uwaphunzitsa kuzindikira zowazinga, uwapatsa anzao olankhula nao, ndi kuwasungira cikumbutso ca masiku apita. Nchito za anthu onsewa sizinali za Mpingo. Koma Mkristu wodziwa Buku lace adzazindikira m'menemo njira zimene Mulungu anacita nazo ndi atumiki ace otopa.

III. Njira zinai zimene cithunzi cithandiza

Coyamba, citurutsa munthu m'phanga. Wodwala nthendayi adikira kuti mtima ufune ndipo adzauka. Koma madotolo aphunzitsa kuti kawiri kawiri phazi litsogola, mtima nutsata pambuyo. Cifukwa cace ampatsa kanchito kakang'ono ka tsiku ndi tsiku, kosaposa mphamvu yace. Kumuuza kuti akalime munda wonse ndiko kumthyola; kumuuza kuti akapeze cinthu cimodzi coyenera kujambula ndiko kumpatsa mtolo umene angausenze. Pofuna cinthuco ayenda kufikira kudimba, dzuwa limuomba, wina ampatsa moni pa njira. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Caciwiri, cimasula maganizo pa cikhomo. Wojambula sangathe kutenga dziko lonse; asankha cimodzi, nasiya zina. Ayenera kuima, kuyandikira, kuona kumene kuunika kucokera, kugwira mpweya kuti dzanja lisanthunthumire. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pa kanthawi kameneko mtima suli pa ngongole kapena pa manda. Uli pa nkhono. Ambuye Yesu, polankhula ndi anthu a nkhawa pa phiri, sanawapatse ciphunzitso ca m'makutu cokha. Anapatsanso maso ao nchito, nawalozera mbalame za m'mlengalenga ndi maluwa a kuthengo. Ndipo pamene Yobu anakhala paphulusa, abwenzi ace atamtopetsa ndi mau, Mulungu anamtsogolera kukaona mkango, mbuzi za m'mapiri, nthiwatiwa, kavalo ndi ciombankhanga, cimodzi cimodzi, monga munthu wotsegulira mnzace buku la zithunzi. Mafunso a Yobu sanayankhidwe onse. Koma maso ace anacoka pa zironda zace.

Cacitatu, cinena pamene mau asowa. Wodwala akafunsidwa kuti cikumbvuta nciani, ayankha kuti palibe kanthu, pakuti iye mwini sadziwa pochulira. Koma angathe kujambula mafuwa ozizira, mpando wopanda mwini, khasu lacita dzimbiri pa khonde; ndipo mbale wakuona adzamva zimene sanauzidwe. Cifukwa cace asakakamizidwe kujambula zokongola zokhazokha. M'buku la Masalmo muli nyimbo za kulira zambiri, ndipo Salmo 88 litha liri mumdima, losafika pa cimwemwe. Koma linasungidwa m'Buku Lopatulika. Mulungu amene analandira salmo limenelo sadzakana cithunzi ca mdima.

Cacinai, cikhala mboni. Nthendayi ndi yabodza; iuza munthu kuti sanaonepo tsiku labwino, ndi kuti sadzaliona. Samueli, Aisrayeli atalanditsidwa kwa Afilisti, anaimika mwala nauca Ebenezeri, podziwa kuti mtima wa munthu uiwala msanga thandizo la dzulo. Zithunzi 30 za mwezi umodzi ziri miyala 30. Tsiku loipa likafika, ndi bodza lija likabweranso, munthu angathe kuzitsegula, naona ndi maso ace kuti pa tsiku lakuti anafika kumtsinje, ndi pa tsiku lakuti mwana anamsekerera.

Pangakhale fanizo lotere. Mai wamasiye wakhala m'nyumba miyezi isanu cimwalirire mwamuna wace. Kucigwirizano ca amai saoneka, ndipo nkhuku zace zadyedwa ndi bvumbwe iye osafunsa. Mdzukuru wace wa pa sukulu amtengera kucipatala, ndipo pobwera amsiyira lamya, nati, Agogo, mundijambulireko cinthu cimodzi tsiku liri lonse, ndidzaone Loweruka. Tsiku loyamba ajambula citseko, ali khale pamphasa. Laciwiri ajambula mtondo pabwalo. Sabata laciwiri afika kumanda, najambula mtumbira, nalira. Ndipo Loweruka lace iye ndi mdzukuru alankhula za malemuyo koyamba. Mwezi wa September, dziko liri gwa ndi lupsa lapita ponse, aturukira kuseri kwa mudzi, naona mitengo ya miombo yaphuka masamba ofiira, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Mitengoyo icita cotero caka ndi caka, ndipo iye anapita pansi pace kuyambira utsikana wace. Mwamuna wace sanabwerere, ndipo cisoni sicinathe tsiku limenelo. Koma maso atseguka.

IV. Kamera si citsime

Pano pafunika cenjezo, pakuti cinthu cabwino cikayesedwa coposa muyeso wace cisanduka msampha. Maso a Hagara sanapulumutse mwana. Anampulumutsa ndi madzi. Kamera ithandiza kupenya, koma siilowa m'malo mwa dotolo, kapena mwa abale, kapena mwa Mulungu.

Munthu amene nthenda yamgwira kolimba, wosadya, wosagona, wosatha kusamala ana, apite naye kucipatala ca pafupi. Ndipo kumeneko angamtumize ku cipatala cacikuru, kapena ku Chainama Hills ku Lusaka. Alipo mankhwala a nthendayi, ndipo kulinso kuciza kwa kukambirana ndi wophunzira nchitoyo. Mankhwalawo sagwira tsiku limodzi. Apita masabata angapo munthu asanamve kusintha, ndipo asawaleke yekha wosafunsa dotolo. Kumwa mankhwala si kukana pemphero. Mngelo anadza kwa Eliya ndi mkate wooca. Ndipo koposa zonse, munthu akayamba kunena za kudzipha, kapena kugawa katundu wace monga wotsazika, abale asayese nthabwala, asamsiye yekha, acotse mankhwala a mbeu ndi zina zoopsa m'nyumba, napite naye kucipatala tsiku lomwelo. Iye amene amva maganizo otere mumtima mwace auze munthu mmodzi lero, angakhale mbusa, kapena mkuru wa Mpingo, kapena mnansi. Mneneri wa Mulungu anawamvapo maganizo amenewo, nawanena, ndipo sanatayidwe.

Lamya yomweyo iri ndi msampha wace. Munthu angakhale nayo pamphasa usiku wonse, kupenya zithunzi za ena obvala bwino ndi odya bwino, nadziyesa yekha wotsalira; pamenepo cipangizo cotsegula maso casanduka cikhomo cina. Thandizo liri m'kuturuka ndi kupenya, si m'kudzilinganiza ndi ena iai. Asafunenso kutamandidwa; cithunzi copendama cicita nchito yace monga coongoka. Asajambule munthu wosampempha, makamaka wodwala, wamaliro, kapena mwana wa eni. Ndipo asagulitse cimanga ca m'nkhokwe kuti agule lamya. Wopanda lamya angabwereke kwa kanthawi. Ndipo ikasoweka konse, angalembe cifaniziro ndi pensulo m'kope la sukulu, kapena angabwere naco cinthuco m'manja, nthenga, duwa, kamwala, nacionetse pa cakudya ca madzulo. Mwambo wace ndi womwewo: kuturuka, kuima, kusankha cimodzi, ndi kuonetsa wina.

V. Mau kwa Mpingo

Hagara sanadzitsegule maso yekha. Liu linamuitana ndi dzina lace. Mai Cameron sanadzigulire kamera. Anampatsa ndi mwana wace. Wodwala nthendayi sayamba yekha kawiri kawiri, pakuti mphamvu yoyambira ndiyo imene nthenda yamlanda. Mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cace nchito iyi igwera Mpingo.

Akuru a Mpingo azindikire mpando umene wakhala wopanda munthu masabata atatu, nafunse cifukwa asanalembe dzina m'buku la ofooka. Amai a cigwirizano pocezera wotere asacurutse mau, kapena kumuuza kuti alimbe mtima, monga ngati sanayese. Akhale naye, amtengere cakudya, amuitane kukayenda pang'ono. Anyamata ndi atsikana, amene adziwa lamya koposa akuru ao, ali ndi utumiki pano umene mbusa sangaucite: kuphunzitsa agogo pogwira, ndi kubweranso pa tsiku lopangana kudzaona zithunzi. Ndipo wakuona asaweruze cithunzi. Afunse modekha cimene mwini anaona pamenepo, nakhale cete, namvere.

Bukuli liwerenga masiku a caka conse, ndipo kwa munthu wolemedwa mtima masiku 365 aoneka monga cipululu copanda malire. Koma safunsidwa kuti awasenze onse pamodzi. Afunsidwa za lero lokha, ndi cinthu cimodzi cokha. Ojambula akale, potsuka filimu m'cipinda ca mdima, anayamba kuona cifaniziro cotembenuka, coyera cioneka cakuda ndi cakuda coyera. Mlendo akadaciona akadati nchito yaonongeka, koma mwini nchito anadziwa kuti siinathe. Wodwala asaweruze moyo wace wonse ndi maso a nthenda, pakuti Mwini nchito sanatsirize.

Mulungu amene anamva kulira m'cipululu ca Beereseba, amene anadyetsa Eliya asanamfunse kanthu, acitire cifundo onse okhala pansi ofulatira. Awatumizire mbale wowaitana ndi dzina, awatsogolere kwa dotolo pamene afunika dotolo, ndipo awatsegule maso, kuti aone citsime, natunge, nakhale ndi moyo. Amen.